Bambo Wendell ndi Masiki Awo Amodzi

Pakhoma la kuseri m'shopu yathu, pamwamba pa benchi yomwe ndimagwirirapo ntchito, pali masiki obiriwira, matabwa ovala kumapazi otsetserekera pa chipale chofewa, omwe phula lake silinapalidwe kwa zaka zinayi. Makasitomala amafunsa ngati ndi ogulitsa. Ndimawauza kuti ali ndi mwini wake, ndipo amene wafunsanso kachiwiri ndimamuyankha mopanda ulemu. Mwini wake ndi a Wendell Haugland, ndipo amene anawachotsa paphiri lino ndine.

A Wendell anayendetsa chigalimoto chokokolola chipale chofewa mumsewu wa pakati pa mapiri kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Nyumba yawo yamatabwa anamanga okha ndi akazi awo, a Loretta, m'munsi mwenimweni mwa phiri, moti ankavalira nsapato za masiki pakhonde. A Loretta atamwalira, phulusa lawo analiwaza patsinde pa mtengo wina wa paini wokhota, kumbali ya kumpoto. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse limene mipando ya pachingwe yokwezera anthu kuphiri yazungulira, a Wendell ankakwera, n'kukaima pamtengopo, n'kumwa khofi wa m'fulasiki. Zimene ankayankhula pamenepo palibe ankazifunsa.

Ine ndine Nadine. Ndanola ndi kupaka phula masiki a anthu a m'tauni muno kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndimawadziwa anthu poona kunsi kwa matabwa awo kuposa poona nkhope. Anyamata a kuno aliyense ali ndi masiki atatu kapena anayi m'galaja: otakata a tsiku limene chagwa chambiri, opyapyala a pa ayezi, okalamba a pamiyala. A Wendell anali ndi amodzi basi, a pakatikati, osatakata komanso osapyapyala, amene amati ndi a phiri lonse.

"Madala, gulani otakata," ankawaseka Rusty, mmodzi wa opulumutsa anthu a majekete ofiira. "Dzulo ndinakuonani mu ufa muja, mumamira ngati thirakitala m'dambo."

"Ndinamira, koma ndinafika," ankayankha a Wendell. "Iwe unathera m'mawa wonse m'galaja ukudzifunsa kuti lero nditenge ati. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe."

Chipale chilichonse anali nacho ndi dzina lake, ndipo madzulo aliwonse ankalowa m'shopu, n'kukhala pachidebe cha phula, n'kundiuza mmene masikiwo achitira, kaya ndafunsa kaya ayi. Pa galasi, kutanthauza ayezi wa m'mawa, ankati amaluma ndithu koma amanjenjemera kutsogolo, ndiye umafunika kuwapondereza ngati uli ndi cholinga. Mu ufa wongogwa kumene ankati amafuna liwiro, ukachita mantha amakumiza. Pa nkhoko, pamene pamwamba pauma koma pansi pali pofewa, ankangopukusa mutu n'kunena kuti pamenepo palibe siki yanzeru, pali munthu wopemphera. Chimene ankawatamira kwambiri chinali chipale chopondedwapondedwa cha masana, cha zibuma, chimene chimagwetsa alendo. M'menemo ankati amadutsa ngati pikapu yawo yakale.

"Palibe chimene amapambana, Nadine," ankatero akusisita kunsi kwake ndi chala chachikulu. "Koma palibenso chimene amakana. Ngati ineyo."

Ankandibweretsera masoseji a nyama ya gwape nthawi ya Khirisimasi, amchere kwambiri moti galu wanga yekha ndi amene ankawathokoza moona mtima.

Vuto linali Corinne, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wa ku Yuma, kuchipululu kuja kumene chipale amachionera pa TV. Ndisaname, si munthu woipa. Ndinkangomuda chifukwa ankanena zoona. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo a Wendell anagwa n'kuthyoka nthiti, n'kutsitsidwa paphiri atagonekedwa m'chileyi cha a majekete ofiira. Corinne anabwera ndi ndege, anaima pakhomo pa shopu pomwe pano n'kuwauza anthu tikumva.

"Adadi, muli ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri ndipo mukukhala nokha. Mukadzangokweranso chileyi chija, nyumba tikugulitsa, mukubwera ku Yuma. Chipinda ndakonza kale."

"Ku Yuma ndikakokolole chiyani, mchenga?"

"Ndalankhula, adadi."

Ndiye tonse tinkadziwa. Chileyi chimodzi chokha, a Wendell atsanzikana ndi nyumba, phiri ndi mtengo wa a Loretta.

Pa siki iliyonse pamakhala chopanira nsapato, kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito yake ndi kugwira phazi pamene munthu akutsetsereka, komanso kulitaya akagwa, kuti chichoke ndi thabwa, osati fupa. Kulimba kwake timakuika pa nambala yomwe imaoneka pakawindo kakang'ono, ndipo nambalayo sitiipeka. Pali tchati chopachikidwa pabenchi: kulemera kwa munthu, msinkhu, kutalika kwa nsapato, katsetserekedwe kake, ndi zaka. Munthu akangokwana zaka makumi asanu, tchaticho chimamutsitsa mzere umodzi, chifukwa mafupa a mkulu sali ngati a mnyamata. Akuluakulu a kuno mzere umenewo amadana nawo kuposa msonkho. Ena amanama zaka. Wina anandiuza kuti ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi kwa nyengo zisanu ndi imodzi zotsatizana, ine ndikudziwa adzukulu ake ndi mayina omwe. Nambala ya a Wendell inali sikisi, ndipo sankaikonda, koma ankaipirira.

Mu Febuluwale, zaka zinayi zapitazo, kunagwa chipale cholemera, anthu n'kuchipondaponda mpaka chinasanduka zibuma zolimba. Cha m'ma folo koloko a Wendell analowa m'shopu tsaya litatupa, diso litafiira, chipale chili m'khosi. Sanakhale pachidebe. Anaponya masiki pabenchi.

"Iwe Nadine, ine sindinagwe."

"Nanga tsayalo mwalumidwa ndi njuchi?"

"Usandiseke. Ndikuti sindinagwe, siki ndi imene yandithawa. Ndili bwinobwino, ndangogunda kachibuma, basi yavuka yokha. Kachiwiri sabata ino. Nditapita m'mitengo muja bwenzi pano tikunena zina."

Ndinaika masikiwo pamakina oyezera. Zopanirazo zinali bwino, zinkataya nsapato pamene tchati chimanena. Ndinawauza choncho.

"Tchati chakocho chinayamba chatsetserekapo m'zibuma? Ika pa eyiti."

"Madala, mukudziwa kuti sindingathe."

"Ndatsetsereka pa eyiti zaka makumi awiri, iwe uli ku sekondale. Kodi mwendo unasintha tsiku lobadwa lomwelo?" Kenako anatsitsa mawu. "Mwanawe, siki ikandithawanso pamalo oyipa, ndi chileyi. Ukudziwa kumene chileyi chimathera. Sikisi wakoyo ndi amene andipititse ku Yuma."

Akulu amati ukamapha nyani usamuyang'ane nkhope. Ine ndinawayang'ana nkhope. Ndinaona nkhalamba ya diso lotupa yomwe sinandipemphepo kanthu m'zaka zonsezi, ndipo ndinamva chisoni. Komanso, ndinene zonse, ndinamva kukoma kukhala munthu amene angawapulumutse. Ndinatenga sikuludilaiva, ndinazungulitsa mabawuti onse anayi mpaka kamzere kanafika pa eyiti. Pakhadi la ntchito ndinasiya sikisi momwe analili. Sizinatenge ndi mphindi zitatu zomwe.

"Sindinakuoneni, simunandione," ndinatero.

"Ine ndangobwera kudzapaka phula," anatero iwo, akumwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope.

Ndipo kwa milungu isanu ndi iwiri zinayenda bwino kwambiri, chimene chinandipusitsa. M'zibuma ankadutsa ngati mnyamata. Pa galasi ankapondereza mopanda mantha. Madzulo ankakhala pachidebe n'kumandifotokozera, ine ndikudziona wochenjera kuposa tchati.

Kenako kunabwera Epulo. Chipale cha Epulo chili ndi maola ake, ndipo aliyense wa kuno amawadziwa. M'mawa ndi galasi. Cha m'ma teni dzuwa limafewetsa pamwamba, chimakhala ngati shuga wa mibulu, ndipo palibe chokoma kuposa chimenecho. Ikamakwana wani koloko chasanduka phala lolemera lomata, lomwe limagwira siki ngati dzanja. Anthu anzeru amakhala atatsika kale, akudya nyemba za tsabola pakhonde la lesitilanti. A Wendell tsiku limenelo anachedwa pamtengo paja. Linali tsiku lobadwa la a Loretta.

Sanali pa liwiro ayi. Rusty anawaona ali pamipando ya pachingwe, ndipo anati kunali kugwa kwa chibwana, kwa pang'onopang'ono, pamalo athyathyathya pafupi ndi pansi. Siki ya kumanzere inamira m'phala muja n'kuima, thupi n'kupitirira kutembenuka. Kugwa kotero ndi kumene sikisi anaikidwira. Pa sikisi nsapato ikanavuka, iwo n'kudzuka akutukwana, n'kudzikuntha. Pa eyiti chopaniracho chinagwira, monga ndinachiuzira. Fupa la msongolo linathyoka mopotoka pamwamba pa nsapato.

Ndinaona chileyi chikudutsa pawindo la shopu. Patapita theka la ola Rusty analowa atanyamula masiki obiriwira aja paphewa.

"Sunga awa, Nadine. Madala apita ku chipatala. Yakumanzereyi sinavuke, ndachita kuivula ndekha."

"Sinavuke?"

"Phala limenelija ndi loipa, aise. Chaka chatha linadya mabondo atatu." Anawatsamiritsa pabenchi n'kutuluka, osayang'ana pakawindo ka nambala kaja.

M'shopu munatsala ine ndekha, dzuwa likuwala bwinobwino panja, madzi akudontha padenga. Sindinganene kuti ndinaganiza. Manja anapita okha. Ndinatenga sikuludilaiva yomwe ija n'kubweza mabawuti onse anayi pa sikisi, kenako ndinapukuta ndi kansalu ngati wakuba. Munthu akapezeka kuti wapanitsa zopanira kunja kwa tchati wina n'kuvulala, chiphaso chake cha ntchito chimathera pomwepo, ndipo m'tauni ya shopu imodzi palibenso benchi ina. Zimenezo ndinazidziwa. Za mwendo wa a Wendell ndinaziganizira nditamaliza kupukuta.

Corinne anafika m'shopu mawa lake masana, maso atatupa, chikwama cha paulendo chikadali m'manja. Ndinkayembekezera kuti abwera ndi ukali. Anabwera wofatsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa.

"Achemwali, ndithandizeni," anatero. "Adokotala akuti fupa lilumikizana, akuti mtima wawo ndi wa mnyamata. Usiku wonse akhala akundichonderera. Ine sindikufuna kuwalanda phiri lawo, mukundimva? Ndiye ndaganiza chonchi. Ngati chalakwika ndi chipangizo, kaya chinauma, kaya chinaikidwa molakwika, ndiye kuti vuto si iwo. Tikonza, ndiwasiya ayesenso chaka chamawa. Koma ngati zonse zinali bwino, ndiye mwendo n'kuthyoka pogwa pang'ono chonchija, basi, thupi latopa. Sindingawasiye okha."

"Iwo akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti funsa Nadine, ndi amene amadziwa."

Khomo linali lotsegula chonchi, ndipo mawu ake anali ochepa. Ndikanangoti zinali pa eyiti, ndinaika ndine. Corinne akanandikalipira, mwina akanakandinenera, koma anali atanena yekha ndi pakamwa pake kuti akanawasiya paphiri. M'malo mwake ndinatenga nsapato ya a Wendell yomwe anabwera nayo, ndinaipanitsa pa siki, ndinaika pamakina iye akuona. Nsapato inavuka pamalo ake enieni. Ndinatulutsa khadi n'kumuonetsa sikisi wolembedwa ndi dzanja langa, n'kumuonetsanso sikisi pakawindo.

"Zili bwino zonse," ndinatero.

Corinne anagwedeza mutu, misozi n'kutsika. "Zikomo, achemwali. Bola ndadziwa. Mwakhala mukuwasamala adadi zaka zonsezi." Anandikumbatira. Ndinkanunkha phula ndi manyazi, ndipo ndinamukumbatiranso.

Ku chipatala sindinapite. Ndinatumiza maluwa, ine amene ndimaseka anthu otumiza maluwa. Ndinkadziuza kuti a Wendell anali atamwa mankhwala amphamvu, mwina za eyiti anaziiwala, mwinanso akuganiza kuti Rusty kapena wina ndi amene anabweza. Ndinkadziuza kuti ndinena sabata yamawa, Corinne mtima ukatsika. Sabata yamawayo inabala inzake, ndipo pofika mu Juni pakhomo pawo panali chikwangwani chotsatsa nyumba, ndipo banja lina la ku Seattle linali likuyeza makatani.

Tsiku lonyamuka, galimoto ya Corinne inaima kutsogolo kwa shopu m'mawa. Iye anatsala pachiwongolero. A Wendell anatsika ndi ndodo ziwiri, mwendo uli m'chikhakha, ataonda moti jekete linkawalendewera. Anakankha chitseko ndi phewa, anayang'ana chidebe chawo chija, koma anaona kuti sangathe kukhala pansi choncho, ndiye anangotsamira benchi.

"Iwe Nadine, ukubisala?"

"Ntchito, madala."

"Mu Juni? Ukunola chiyani, makasu?" Anaseka okha. "Masiki anga ali kuti?"

Ndinawatulutsa kuseri. Anawatembenuza, anasisita kunsi ndi chala chachikulu ngati kale. Anapeza kabala kamene mwala unasiya mu Disembala n'kukakanda ndi chikhadabo.

"Ku Yuma sapita awa, angauma. Uwapake phula la chilimwe, lochindikala, usalipale. Ukadzamva kuti ndabwera, udzapale."

"Ndipaka."

"Pa phala paja sanalakwe ayi. Ndakhala ndikuganiza m'chipatala muja. Otakata akanayandama pang'ono, mwina. Koma ine ndinachedwa, wani koloko si nthawi ya munthu wanzeru."

Apa ndi pamene ndinati ndinene. Ndinayamba ndithu. "Madala, tsiku lija Corinne anabwera..."

Anakweza dzanja. Anaweramira pa chopanira cha kumanzere, anapukuta kawindo kaja ndi chala, anayang'ana sikisi uja nthawi yaitali.

"Pa chilimwe mumamasula masipuling'i kuti apume, eti?"

"Ena timamasula."

"Awa usawamasule. Mabawuti amenewa wawakhudza kale kawiri, akwana."

Sanakweze mawu, sanandiyang'ane n'komwe moipa.

"Mumadziwa," ndinatero.

"Mwendo ndi wanga, mwanawe. Umadziwa kusiyana kwa sikisi ndi eyiti." Anakonza ndodo m'khwapa. "Ndinamuuza kuti afunse iwe chifukwa sindikanatha kukutchula ndekha. Ndinakupempha ndine. Ndinati mwina unena, mwina sunena. Benchi ndi yako."

"Ndipita ndikamuuze pompano. Ali panja pomwepa."

"Ukamuuze kuti atani? Makiyi ndapereka dzulo." Anayang'ana pawindo, kumtunda kumene kunali kutatsala kachigamba kamodzi ka chipale kumbali ya kumpoto. "Ukamadutsa pamtengo paja uziima pang'ono. Loretta sakonda kukhala yekha nthawi yaitali."

Ndinawatsegulira chitseko. Corinne anandibayibitsa ndi dzanja akumwetulira, ine n'kubayibitsanso.

Mlandu suwola. Corinne ndinamulembera kalata mu Okutobala chaka chomwecho, ndinanena zonse, manambala ndi tsiku lomwe. Sanayankhe, ndipo sanakandinenere kulikonse, moti chiphaso changa ndikadali nacho, chili m'felemu pafupi ndi tchati. Akuluakulu amabwerabe kudzandinyengerera kuti ndiwakwezere nambala. Ndimawakanira mwaukali woti ena amapita kukadandaula kwa abwana, ndipo sadziwa kuti amene ndikumukalipira si iwo.

A Wendell amaimba foni chipale choyamba chikagwa, chaka chilichonse. Amaonera nyengo ya kuno pa TV ya ku Yuma. Safunsa za moyo wanga, ndipo za eyiti sitinazitchulenso. Chaka chino anaimba m'mawa wa Lachiwiri, ine ndili ndi simbi ya phula m'manja. Mawu awo achepa, ndipo kumbuyo ndimamva makina oziziritsa m'nyumba akulira.

"Chagwa chotani?"

"Ufa, madala. Wofika m'mawondo."

"Aa! Umenewo umafuna liwiro. Pamtengo unaima?"

"Ndinaima."

"Phula lija likadalipo?"

Ndinayang'ana pakhoma. Fumbi lakhala pamwamba pake, ndipo m'mbali layamba kuchita chikasu.

"Lilipo."

"Usapale kaye," anatero.